DZUWA, CHAKUDYA NDI MAFUPA A ANA ATHU: NKHANI YA VITAMINI D M'CHIGWA CHA SHIRE

Munthu amene adakhalapo ku Chikwawa kapena ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala safunika kuuzidwa za mphamvu ya dzuwa. Pofika 10 koloko m'mawa mchenga umakhala utayamba kale kuotcha kumapazi, ng'ombe zitathawira pansi pa mitengo, ndipo masiku ena kutentha kumapyola madigiri 40. Motero ambiri amadabwa akamva kuti m'dziko la dzuwa lotere mungapezeke mwana wofewa mafupa, kapena mayi wosowa vitamini amene dzuwa limapereka kwaulere. Komatu zimachitika, ndipo m'nkhani ino tifotokoza chifukwa chake, kuchuluka kwa vitaminiyu kumene thupi limafuna tsiku lililonse, ndi momwe tingadziwire msanga kuti zinthu sizili bwino.

NTCHITO YA VITAMINI D M'THUPI

Mafupa ndi mano athu amamangidwa ndi mchere wotchedwa kashiamu pamodzi ndi unzake wa fosiforasi. Mchere umenewu timaupeza m'zakudya, koma kuti uchoke m'matumbo ndi kulowa m'magazi mokwanira pamafunika vitamini D. Tiyerekeze ndi mmisiri womanga nyumba: kashiamu ndiye njerwa, ndipo vitamini D ndiye wotuta njerwazo kuzifikitsa pamalo omangira. Wotuta akasowa, njerwa zimangokhala pauvuni. Njerwa zikasowa, wotuta amangoyenda chimanjamanja. Njira zonse ziwiri khoma silikwera.

Mavitamini ambiri timawapeza m'chakudya chokha, koma vitamini D ndi wosiyana ndi anzake pakuti thupi limadzipangira lokha. Kuwala kwina kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kukagwa pakhungu, kumasandutsa mafuta ena a m'khungumo kukhala vitamini D. Magazi amamutenga kupita naye kuchiwindi kumene amasinthidwa koyamba, kenaka kuimpso kumene amasinthidwa kachiwiri, ndipo apo ndi pamene amayamba kugwira ntchito. N'chifukwa chake munthu wodwala chiwindi kapena impso kwa nthawi yaitali akhoza kufooka mafupa ngakhale amakhala padzuwa masiku onse.

Nzeru imeneyi sidadziwike kale kwambiri. Zaka za m'ma 1800 ana ambiri a m'mizinda ya utsi ya ku Ulaya, monga London ndi Glasgow, ankakula ndi miyendo yopindika. M'chaka cha 1919 dokotala wa ku Berlin, Kurt Huldschinsky, adachiritsa ana otere powaunika ndi nyali ya kuwala kofanana ndi kwa dzuwa, ndipo chaka chomwecho Edward Mellanby wa ku England adaonetsa kuti mafuta a chiwindi cha nsomba amachiritsa matenda omwewo mwa agalu. M'chaka cha 1922 Elmer McCollum wa ku America adatsimikiza kuti m'mafutamo muli vitamini watsopano, amene adapatsidwa dzina lakuti D.

KODI KUNO KWATHU VUTOLI LILIPO?

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti ku Africa vutoli silingakhaleko. Koma m'chaka cha 2020 akatswiri adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wochitika m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adayezedwa adali ndi vitamini D wochepera muyeso. Vutoli lidaoneka lalikulu mwa ana ongobadwa kumene, mwa amayi, ndi mwa anthu okhala m'mizinda. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa m'chaka cha 2011, adaonetsa kuti ambiri mwa odwala chifuwa chachikulu amene adayezedwa adali ndi vitamini D wochepa m'magazi.

Pali mfundo ina yofunika kuimvetsa bwino. Ku Jos m'dziko la Nigeria, kumene dzuwa ndi lambiri ngati kwathu kuno, madokotala adaonetsa m'chaka cha 1999 kuti ana ofewa mafupa ankachira bwino akapatsidwa kashiamu kusiyana ndi kupatsidwa vitamini D yekha. Nakonso ku Blantyre, kafukufuku wa ana opindika miyendo pachipatala cha mafupa cha Beit CURE, wofalitsidwa m'chaka cha 2016, adaloza zifukwa ziwiri: kuchepa kwa kashiamu m'chakudya, ndi matenda ena a fupa la pansi pa bondo otchedwa Blount. Tanthauzo lake n'lakuti m'dera ngati lathu nthawi zambiri wotuta alipo, koma njerwa n'zimene zimapelewera. Ndiponso mwana akamadya kashiamu wochepa, thupi lake limatha msanga vitamini D amene lili naye. Motero sitingakambe za vitamini D osakambanso za nsima ndi ndiwo zimene mwana amadya.

THUPI LIMAFUNA WOCHULUKA BWANJI PA TSIKU?

Vitamini D amayezedwa m'mayunitsi, amene pabotolo la mankhwala amalembedwa IU, kapenanso m'mamaikirogalamu. Maikirogalamu imodzi ndi mayunitsi 40. Bungwe la Institute of Medicine la ku America m'chaka cha 2011 lidafalitsa miyeso iyi, imene maiko ambiri amaigwiritsa ntchito: khanda losakwana chaka chimodzi, mayunitsi 400 pa tsiku, mwana wa chaka chimodzi kufikira munthu wa zaka 70, pamodzi ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, mayunitsi 600, ndipo nkhalamba yopyola zaka 70, mayunitsi 800. Miyesoyi idaikidwa poganizira munthu amene sakhala padzuwa kawirikawiri. Mlimi amene amalima thonje ku Ngabu, msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh, kapena mayi amene amayenda kukatunga madzi ndi kukatola nkhuni, khungu lake limapanga gawo lalikulu la zimene thupi likufuna popanda iye kudziwa.

Za kashiamu, akatswiri a matenda a mafupa a ana a m'maiko osiyanasiyana adagwirizana m'chaka cha 2016 kuti mwana wopyola chaka chimodzi amene amadya kashiamu wosakwana mamiligalamu 300 pa tsiku ali pangozi yofewa mafupa, ndipo wodya wopyola mamiligalamu 500 ndiye ali bwino. Kapu imodzi yaikulu ya mkaka wa ng'ombe ili ndi kashiamu pafupifupi mamiligalamu 300. Phala la ufa woyera lothira mchere wokha lili ndi kashiamu wochepa zedi.

AMENE ALI PANGOZI NDANI?

Oyamba ndi makanda. Mwana amabadwa ndi vitamini D amene adalandira kwa mayi ake ali m'mimba, kotero mayi akakhala ndi wochepa, mwananso amabadwa ndi wochepa. Mkaka wa m'mawere ndi chakudya choposa zonse, ndipo mwana ayenera kuyamwa bere lokha kwa miyezi 6 ndi kupitiriza kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kupyola apo. Komabe mkakawu uli ndi vitamini D wochepa, kawirikawiri wosafika mayunitsi 80 pa lita. Ana obadwa masiku asanakwane ndi obadwa ochepa sikelo ndiwo ali pangozi yaikulu, ndipo m'chaka cha 2022 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO lidanena kuti ana otere akhoza kupatsidwa madontho a vitamini D pamene dokotala waona kuti n'koyenera.

Achiwiri ndi odwala amene amagona m'nyumba miyezi yambiri, ana olumala amene satulutsidwa kunja, ndi agogo athu amene miyendo idafooka. Khungu la nkhalamba silipanga vitamini D wambiri monga la wachinyamata, ndipo nkhalamba ikamangokhala m'nyumba vuto limawirikiza. Dziwaninso kuti kuwala kodutsa pagalasi la zenera sikupanga vitaminiyu.

Achitatu ndi anthu amene amamwa mankhwala ena kwa nthawi yaitali. Mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin, mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa rifampicin, ndi mankhwala ena otalikitsa moyo monga efavirenz, amachititsa kuti thupi lithe vitamini D msanga. Apa tichenjeze mwamphamvu: musasiye mankhwala anu chifukwa cha zimene mwawerengazi. Khunyu, chifuwa chachikulu ndi kachilombo ka HIV n'zoopsa koposa. Chofunika n'chakuti muzidya bwino, muzituluka panja, ndipo mukamva kupweteka m'mafupa muwauze a kuchipatala.

Achinayi ndi ana onyentchera chifukwa chosowa zakudya. Anthu a m'chigwa chino akudziwa zimene madzi osefukira a m'chaka cha 2015 adachita, ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Mbewu zikakokoloka, ziweto zikafa, ndipo mabanja akakhala m'misasa, chakudya chimasanduka phala ndi nsima basi. Mwana amene akukula m'nyengo zotere amasowa zomangira mafupa. Chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chili ndi vitamini D ndi kashiamu yemwe, ndipo ndi mankhwala a mwana wodwalayo, osati ndiwo za banja lonse.

Pomaliza titchule abale athu achialubino. Kwa iwo dzuwa la m'chigwa chino ndi mdani, chifukwa limawotcha khungu ndi kuyambitsa khansa ya pakhungu. Iwo asakhale padzuwa pofuna vitamini D ayi. Apitirize kuvala chipewa cha mlomo waukulu, malaya aatali manja ndi kudzola mafuta oteteza khungu, ndipo vitamini D amupeze m'chakudya kapena m'mankhwala olembedwa ndi dokotala.

ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUZIYANG'ANIRA

Mwa ana, kufewa kwa mafupa kumabwera pang'onopang'ono. Mwana amachedwa kukhala, kukwawa ndi kuyenda, ndipo akaimiritsidwa amalira chifukwa miyendo imamupweteka. Mano amachedwa kumera. Liwombo, limene kawirikawiri limatsekeka mwana akamafika chaka ndi theka, limakhalabe lotseguka ndi lalikulu. Mfundo zolumikiza mkono ndi dzanja, ndiponso za m'akakolo, zimaoneka zotupa koma zolimba. Pachifuwa, pamene nthiti zimathera, pamatuluka timibulu tondandalikana ngati mikanda. Mphumi imatukuka, ndipo mwana akayamba kuyenda miyendo imapindika, kukhala ya matewe kapena yogundana mawondo. Mwana wotere amadwalanso chibayo kawirikawiri. Mwa makanda, kashiamu akatsika kwambiri m'magazi, mwana akhoza kukomoka ndi kugwedezeka thupi popanda kutentha, ndipo ameneyo ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Tisasokoneze zinthu ziwiri. Liwombo lolowa m'kati mwa mwana amene akutsekula m'mimba kapena kusanza ndi chizindikiro chakuti madzi atha m'thupi, ndipo mwanayo afunika thanzi ORS ndi chipatala msanga. Kumata mankhwala paliwombo sikubwezera madzi m'thupi, ndiponso sikulimbitsa mafupa.

Tisadenso nkhawa ndi mwana aliyense wa timatewe. Ana ambiri athanzi amaoneka opindika miyendo pang'ono poyamba kuyenda, ndipo imawongoka yokha akamafika zaka 2. Ena mawondo amayandikana pa zaka 3 kapena 4, nawongoka akamafika zaka 7. Chodetsa nkhawa ndi kupindika kumene kukukulirakulira, kwa mwendo umodzi wokha, kopweteka, kapena kwa mwana amene sikelo yake ndi msinkhu wake sizikukwera.

Mwa akulu, zizindikiro ndi kuphwanya kwa m'chiuno, msana ndi ntchafu kosatha, kulephera kudzuka pamphasa popanda kugwira khoma, kuyenda mopendama uku ndi uku, ndi kuthyoka fupa pa kugwa kwakung'ono. Zizindikirozi zimabweranso ndi matenda ena, n'chifukwa chake wodwala ayenera kupimidwa, osati kudzigulira mankhwala.

Kwa mwana wamkazi nkhaniyi ndi yaikulu koposa. Mafupa a m'chiuno akapindika paubwana, njira yobadwira mwana imachepa, ndipo tsiku lina iyeyo akadzakula akhoza kudzavutika pobereka. Phala limene timam'patsa lero likukhudza uchembere wake wa zaka 20 zikubwerazo.

KUYEZA KWAKE KUMACHITIKA MOTANI?

Kuchuluka kwa vitamini D kumadziwika poyeza magazi. Chimene amayeza ndi vitamini D amene wadutsa kale m'chiwindi, ndipo zotsatira zimalembedwa ndi muyeso wa nmol/L. Zikakhala pansi pa 30 ndiye kuti vitaminiyu wasowa. Pakati pa 30 ndi 50 wapelewera. Pamwamba pa 50 ndi wokwanira kwa anthu ambiri. Kuyeza kumeneku kumafuna makina a mtengo wapatali a m'malabotale aakulu, ndipo sikuchitika pazipatala zing'onozing'ono za kumudzi. Koma zimenezi zisatidetse nkhawa. Ngakhale m'maiko olemera, bungwe la akatswiri la Endocrine Society lidalangiza m'chaka cha 2024 kuti anthu athanzi sayenera kumangoyezetsa vitamini D popanda chifukwa.

Muyeso umene tili nawo pafupi, ndipo ndi wamphamvu, ndi sikelo ya ana. Mwezi ndi mwezi mlangizi wa zaumoyo amalemba kulemera kwa mwana m'buku lake, ndipo bukulo limaulula msanga ngati mwana waleka kukula. Inu mayi, inu bambo, pa tsiku la sikelo musamangolandira buku n'kumapita. Nenani ngati mwana wakwanitsa miyezi 9 asanayambe kukhala yekha, ngati wafika chaka ndi theka asanayambe kuyenda, kapena ngati mwaona kutupa m'mfundo za manja. Akulu adati safunsa adadya phula. Wa zachipatala akakayikira, amatumiza mwanayo kuchipatala chachikulu cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena ku zipatala monga St Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona. Chithunzi cha X-ray cha dzanja kapena bondo chimaonetsa ngati mafupa afewa, ndipo ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Blantyre.

Matendawa amachizika. Mwana amapatsidwa vitamini D pamodzi ndi kashiamu kwa miyezi yosachepera 3, ndipo akapezeka msanga miyendo imawongoka yokha pamene akukula. Akachedwa, nthawi zina pamafunika opaleshoni.

ZOCHITA PAKHOMO

Choyamba ndi dzuwa, koma mwanzeru. Dzuwa la m'mamawa kwambiri, pamene chithunzithunzi cha munthu n'chachitali kuposa mwini wake, silipanga vitamini D wambiri. Nalonso dzuwa la paliwombo la m'chigwa chino likhoza kukomola munthu. Nthawi yabwino ndi cha m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa. Agogo, wodwala amene wayamba kupeza bwino, ndi mwana wolumala, atulutsidwe panja kanthawi kochepa masiku ambiri pa sabata, mikono ndi miyendo ili poyera, kenaka abwerere pamthunzi ndi kumwa madzi. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo kusiyana ndi loyera, koma kupsa ndi dzuwa sikuwonjezera phindu lililonse. Ana oyenda asiyeni azisewera pabwalo. Khanda losakwana miyezi 6 lisaikidwe padzuwa lamphamvu, chifukwa khungu lake n'lanthete ndipo limatha madzi m'thupi msanga. Khanda lotere limathandizidwa posamala mayi ake kuyambira ali woyembekezera: adye bwino, azituluka panja, ndipo asaphonye sikelo ya amayi.

Chachiwiri ndi chakudya. Vitamini D amapezeka mu nsomba, makamaka za mafuta, mu chikasu cha dzira, ndi m'chiwindi. Dzira limodzi lili ndi mayunitsi pafupifupi 40, ndipo mwambo woletsa mazira kwa ana ndi amayi oyembekezera umangowamana chakudya chabwino. Majarini ena amathiridwa vitamini D kufakitale. Werengani zolembedwa pachikuto. Shuga wa kuno kwathu, monga wopangidwa ku Nchalo, amathiridwa vitamini A, amene ndi wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, koma si vitamini D.

Kashiamu tili naye pakhomo pomwe. Nsomba zing'onozing'ono zodyera pamodzi ndi minga yake, monga matemba ndi usipa, ndizo nkhokwe yake. Mlamba ndi makakana ndi ndiwo zabwino, koma poti minga yake timataya, kashiamu wake ambiri amapita ndi mingayo. Kazingani matemba ouma, muwasinje mpaka akhale ufa, muwasefe, ndipo muzithira supuni imodzi m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Chigwa chino chili ndi ng'ombe ndi mbuzi zambiri: mkaka wowiritsa upatsidwe kwa ana, usamangopita kumsika wonse. Masamba a chammwamba, amene ena kuno amati sangowa, bonongwe, chigwada ndi nkhwani, pamodzi ndi chitowe, nyemba, mawere ndi ufa wa malambe, zonsezi zimawonjezera kashiamu. Pophika masamba musathire madzi ambiri oti n'kutaya.

Chachitatu ndi chenjezo. Masiku ano m'misika ndi m'masitolo mwadzaza mabotolo a mavitamini, ndipo ogulitsa ena amalonjeza kuti vitamini D amachiza matenda alionse. Vitaminiyu sachoka m'thupi ndi mkodzo monga ena. Amasungika m'mafuta a m'thupi, ndipo akachuluka amakweza kashiamu m'magazi. Munthu amayamba nseru, kusanza, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kusokonezeka maganizo, ndipo impso zikhoza kuwonongeka. Munthu wamkulu asapyole mayunitsi 4,000 pa tsiku pokhapokha dokotala atalamula, ndipo malire a ana aang'ono ndi otsika kwambiri kuposa apa. Bungwe la WHO sililangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa mapiritsi a vitamini D; amapatsidwa okhawo amene apezeka kuti akusowa. Dzuwa ndi chakudya cha masiku onse sizingachulutse vitamini D mpaka kufika povulaza, koma mapiritsi omwa mosatsata malangizo angatero.

M'MERA MPOYAMBA

Mafupa amene munthu adzayende nawo moyo wake wonse amamangidwa paubwana ndi paunyamata. Mtengo umawongoledwa ukadali waung'ono, ndipo mwendo wa mwana ndi chimodzimodzi. Tiyeni tsono tonse, makolo, agogo, mafumu ndi a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, tionetsetse kuti mwana aliyense wosakwana zaka 5 akupita kusikelo mwezi uliwonse, kuti m'phala lake muli matemba, mkaka, dzira kapena masamba, ndi kuti odwala ndi okalamba athu sakubindikiritsidwa m'nyumba. Mukaona mwana wa mnansi wanu akuchedwa kuyenda kapena miyendo ikupindika, musam'seke ndiponso musathamangire kunena kuti walodzedwa. Alangizeni makolo ake apite naye kuchipatala mwezi womwewo, bukulo lili m'manja.